A Namakhwa ndi Tepi Imene Sinkafika Kumapeto

Loweruka loyamba titaika maliro a a Namakhwa ndinachita chinthu chimene mpaka lero anthu akandiona ndi kampando panjinga amayamba kumwetulira. Nditadya nkhomaliro ndinasamba, ndinamangirira kampando kanga pakaliyala monga ndinkachitira Loweruka lililonse, n'kupalasa mpaka pamsika. Mutu unali pa buku lina lopanda chikuto limene ndinkawerenga sabata imeneyo, ndiye miyendo inangotsata yokha njira imene inaizolowera. Ndinatsika, ndinakankha chitseko cha nyumba ya vidiyo, n'kufunsa mokweza ndithu:

"Odi kuno. Kodi yayamba?"

M'katimo munali abale a malemu, atakhala pamphasa, akukambirana za katundu amene anatsala. Onse anatembenuka. Ine ndangoti chilili pakhomo, kampando kali m'manja, munthu amene masiku anayi okha m'mbuyomo ndinawerenga ndekha mbiri ya malemuwo pamanda. Mayi wina wachikulire anayamba kuseka atabisa nkhope m'chitenje, kenaka kusekako kunasanduka kulira.

Anandipulumutsa ndi Agnesi, mwana wamkulu wa a Namakhwa.

"Lowani, a Pulofesa," anatero. "Timadandaula kuti deki iyi tipatsa ndani, poti masiku ano aliyense amaonera pafoni. Basi mwadzisankha nokha."

Dzina la Pulofesa anandipatsa ndi bambo ake omwewo pondiseka, chifukwa sukulu ndinalekezera Sitandade 6 koma ndimawerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira usipa. Agnesi anandipatsa deki, sikirini yaing'ono, ndi tepi imodzi yakuda yopanda dzina, imene aliyense m'chigwa chathu cha Domasi amaidziwa. Pa waya wa kumbuyo kwa deki panali patamangidwa kachingwe ka khonje, kakuda ndi thukuta. Ine, monga munthu wowerenga, ndinafotokozera abale onse kuti kachingweko n'kokolekera waya pamsomali kuopa makoswe. Anavomera ndi mitu.

Ndinapita kwathu ndikuganiza kuti manyazi a tsikulo athera pomwepo. Sindinadziwe kuti ndanyamula chinthu chimene chidzandizembetse khomo la mnansi wanga kwa masabata atatu. Mnansiyo ndi amake Rozina, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yanga. Amuna awo, a Luwizi, anachoka tsiku lina masana, zaka za nkhondo ya ku Mozambique, osabweranso. Tepi ija inandisonyeza munthu amene anawafikitsa m'manja mwa owatenga. Ndinatsala ndi funso limodzi: ndiwauze mayiwa, kapena ndisunge dzina la munthu amene ndinali nditangomutamanda pamanda?

Koma ndiyambe ndi a Namakhwa.

Anali munthu wamfupi, wadazi, wovala jekete la khaki ngakhale mwezi wa Okutobala pamene phula limamata nsapato. Ali mnyamata anali mesenjala pa ofesi ina ku Zomba, ndipo Chingerezi anachitolera kumeneko, m'makonde, akudikira makalata. Pobwera kumudzi ankanyamulanso makalata a anthu a m'chigwa chonse, moti kuchokera kwa Malemia mpaka kumunsi kuminda ya mpunga panalibe khomo limene sankalidziwa. Atapuma ntchito anagula deki ndi jenereta, anamanga chipinda chachitali cha njerwa zosawotcha pafupi ndi msika, n'kutseka mawindo ndi mabulangete. Kanema ankayamba 2 koloko masana, ndipo dzuwa lisanalowe aliyense anali atabwerera kwawo. Ankati munthu woonera filimu mdima utagwa amafika nayo kunyumba.

Chimene tinkapitira si mafilimu okha, koma iwowo. Ankakhala pampando pambali pa tebulo, kandodo ka nsungwi kali m'manja, n'kumamasulira. Mzungu aliyense ankamupatsa mudzi. Wakuba ankachokera ku Limbe, dona wodzikonda anali wa ku Zomba m'tauni, ndipo wopusa aliyense anali mlamu wa munthu wina amene wakhala m'chipindamo. Dona akausa moyo n'kulankhula kwa nthawi yaitali, iwo ankangoti, "Akuti ndiwo zatha." Ndikawadzudzula kuti mayiyo wanena zambiri kuposa pamenepo, ankandiyankha kuti womasulira ali ngati mayi wopeta mpunga, sapereka zonse zimene zili m'lichero. Mawu amenewa ndinkawakonda, ndinawanenanso pamanda. Lero ndikawakumbukira tsitsi limanyamuka.

Anali ndi khalidwe lina limene tonse tinkalitenga ngati nthabwala. Munthu amene ankadziwa khomo lililonse uja sankalozera mlendo njira. Wina akatsika minibasi n'kuwafunsa kuti kwa a Uje ndi kuti, ankayang'ana kuphiri ngati akuliona koyamba.

"Pepani bambo, nane ndine mlendo. Ndafika dzulo."

Tsiku lina anayankha choncho munthu amene ankafunsa kwa Agnesi, mwana wawo yemwe. Ife pabawo tinaseka mpaka misozi. Iwo sanaseke.

Pa nkhani yomweyo anakangana ndi mkulu wa mpingo wathu. Kwathu kuno munthu wobwera ndi uthenga wa maliro safunsidwa mafunso, sauzidwanso kuti mukhote apo mudutse apo. Amene wakumana naye amasiya chimene akuchita n'kumuperekeza mpaka pakhomo. N'chimene tinachipeza, ndipo ngakhale mwana amachidziwa. Tsono kunabwera mnyamata wochokera ku Phalombe ndi uthenga wotere, n'kupeza a Namakhwa akupukuta jenereta. Anamukhazika pabenchi, anamufunsa dzina la womwalirayo, la mayi ake, la mfumu yawo, matenda ake, kenaka anamusiya pomwepo n'kupita okha kukafunsa kubanjalo ngati akumudziwa. Mnyamatayo anadikira pafupifupi ola lathunthu akulira. Lamulungu lotsatira mkulu wa mpingo anawadzudzula pabwalo la tchalitchi kuti achita chipongwe misozi ya mwini. A Namakhwa anangoti misozi ilibe chidindo. Anatha chaka osapatsana moni.

Tepi yopanda dzina ija inabwera m'katoni imodzi ndi mafilimu a karate. Pepala lake linali litamatuka, ndipo poyambira pake panali pofufutika, moti palibe ankadziwa dzina la filimuyo. Tinaitcha Wofufuza wa Chimfine.

Nkhani yake ndi ya munthu wina amene anachotsedwa upolisi n'kumafufuza nkhani za anthu payekha. Jekete lake n'lamakwinya, galimoto yake n'njokankha, ndipo nthawi zonse ali ndi kampango pamphuno, akuyetsemula. Kumabwera bambo wina wovala bwino, wolankhula mofatsa, n'kumupempha kuti amupezere mng'ono wake amene anathawa kwawo kalekale, chifukwa mayi awo ali kayakaya ndipo akufuna kumuona asanatsirizike. Wofufuzayo amayenda mzinda wonse akufunsa. Aliyense amamunamiza. Amamenyedwa katatu, osabwezera ngakhale kamodzi. Pamapeto pake amam'peza mng'onoyo kutauni ina yakutali, atasintha dzina, akusoka nsapato, ali ndi mkazi ndi khanda. Amabwera ndi mkulu uja, amaima naye kutsidya kwa msewu, amakweza dzanja n'kuloza chitseko.

Pamenepo sikirini inkangoti phwii, kuonetsa timadontho toyera timene timati mpunga.

"Tepi inadyedwa pamenepa," ankatero a Namakhwa, akuika kandodo pansi. "Zikomo pobwera."

Tsiku loyamba kunali chipwirikiti. Anthu anabwera kudzaona mateche, n'kupeza munthu wofwenthera. Filimu isanafike pakati, theka la anthu linali litapita kumpira. Mkulu wina wa kabaza anaponya chitsononkho pasikirini.

"Wapolisi wanji womenyedwa ndi aliyense? Ngakhale apongozi anga akhoza kumugwetsa ameneyu."

Tinatsala anthu asanu, ndipo mmodzi mwa asanuwo, amene ndi ine, anagona. Izi sizinandiletse kulengeza panja kuti filimuyo inapangidwa ndi anthu ongophunzira kumene, ndipo kuti m'mabuku abwino onse wofufuza amagwira wolakwa pa tsamba lomaliza. Ndinali nditawerenga mabuku otere awiri ndi theka.

Aliyense ankaganiza kuti tepiyo aitaya. Patatha mwezi anaionetsanso. Kunabwera anthu atatu. Anaionetsanso. Amene sankaphonya anali amake Rozina okha, koma iwo tinkati n'chifukwa cha malo: ankagulitsa zitumbuwa pakhomo pa vidiyo pomwepo, pansi pa mtengo wa mbawa. Filimu iyi ikamaonetsedwa ankavundikira beseni lawo n'kudzakhala pabenchi ya kumbuyo, manja ali pamiyendo. Ikangodukira, ankayamba ndi iwo kutuluka.

Sindingathe kuloza tsiku limene zinthu zinatembenuka. Ndikuganiza kuti zinayambira kuminda ya mpunga, nyengo yoingitsa mbalame, pamene munthu amakhala tsiku lonse pachulu wopanda chochita koma kukuwa ndi kuganiza. Anthu anayamba kufunsana kuti kodi chitseko chija chitatseguka kunachitika chiyani. Ena ankati abale aja anakumbatirana n'kuthamangira kwa mayi awo. Ena ankati anapeza mayiwo ataikidwa kale. A kabaza aja, omwe anaponya chitsononkho, ankalumbira kuti wofufuzayo ankangodzipusitsa, ndipo kumapeto anavula jekete n'kumenya mzinda wonse. Amayi a pachigayo ankati mkazi wa wosoka nsapato uja anali mkazi wakale wa wofufuzayo. Ine ndinali ndi mapeto angaanga, ataliatali, okhala ndi kalata yobisika m'chidendene cha nsapato, amene palibe anawamvetsera mpaka pothera.

Kuti munthu ateteze mapeto ake ankayenera kukaoneranso. Poonanso anthu anayamba kuzindikira tinthu timene tinawadutsa: kuti bambo wofatsa uja samagwira kapu imene wapatsidwa, kuti satchula dzina la mayi ake ngakhale kamodzi, kuti wofufuzayo amayetsemula pokhapokha wina akamunamiza. Chipinda chinayamba kudzaza. Mlaliki wina anaitchula paguwa ngati fanizo la nkhosa yotayika imene inapezeka. Munthu akamafunsa mafunso ambiri pamsonkhano ankauzidwa kuti atenge kampango. Anthu ankabwera pa njinga kuchokera ku Songani ndi ku Malosa. Mafoni atapha nyumba za vidiyo zonse za m'derali, ya a Namakhwa inatsala chifukwa cha tepi imodzi imeneyi, imene pafoni sinkapezeka poti palibe ankadziwa dzina lake. Ine ndemwe, amene ndinagona tsiku loyamba, ndinayamba kuuza achinyamata kuti ndinaona ubwino wake kuyambira pachiyambi.

Chimene ndimadabwa nacho lero n'chakuti sindinaone mmene mwini wake ankafotera pamene filimuyo inkatchuka. Pa mafilimu ena ankaseketsa anthu. Pa iyi ankamasulira mawu ndi mawu, mosawonjezera, ndipo palibe mzungu amene anamupatsa mudzi. Tinkati akuilemekeza.

Chaka china ndinawauza kuti ndamva za mmisiri wina ku Zomba amene amalumikiza matepi oduka, ndipo ndikhoza kupita nayo ndekha.

"Ili bwino mmene ililimu," anatero.

"Koma abambo, anthu akhala akukangana zaka zonsezi. Tiwamasule."

"A Pulofesa, mumawerenga kwambiri, koma simunaphunzire kutseka buku."

Ndinapsa mtima, ndinawatcha mdani wa maphunziro, ndinajomba masabata awiri. Loweruka lachitatu ndinabwerera ndi kampando kanga, iwo anangondisendezera malo.

Kamodzi kokha ndinawaona ataopa. Ophunzira a ku koleji anali atayamba kubwera m'magulu, ndipo tsiku lina anabweretsa mphunzitsi wawo, bambo wa magalasi amene anaphunzira kunja. Filimu itangoyenda pang'ono anamenya bondo lake n'kutchula dzina la filimuyo m'Chingerezi, dzina limene ndinalilemba pachikhatho koma linafufutika ndi thukuta popalasa njinga. Itadukira paja, anaimirira n'kutiuza kuti ifeyo sitinali tokha. Anati ngakhale kwawo kumene inapangidwa anthu anainyoza itangotuluka, chifukwa anazolowera wofufuza wanzeru kuposa aliyense, woyera mtima, wopambana kumapeto, ndiye anaona ngati opanga filimuyi akuwatonza. M'nyumba zoonetsera inakhalamo masiku ochepa. Patapita zaka anthu ena anayamba kuionanso, kulemba za iyo, kuiphunzitsa, mpaka lero imawerengedwa pakati pa zabwino koposa za mtundu wake. Ife tinaomba m'manja, makamaka podziombera tokha.

"Ndipo chimene chinaitchukitsa kwambiri ndi mapeto ake," anapitiriza mphunzitsiyo. "Chitseko chija chikatseguka..."

Kandodo ka nsungwi kanamenya tebulo mpaka deki inadumpha.

"Aphunzitsi, kukoleji mumaphunzitsa inu. Muno womasulira ndine."

Nkhope ya a Namakhwa inali itatuwa ngati phulusa. Sankayang'ana mphunzitsiyo, ankayang'ana benchi ya kumbuyo. Ndinatembenuka n'kuona amake Rozina akutuluka, osathamanga, akukonza mpango kumutu. Mphunzitsiyo anapepesa mwaulemu. Panja achinyamata anamuzinga, ndipo ndinamva kuti anawauzadi mapetowo, koma a kabaza anagamula kuti filimu singathe choncho, ndipo pa mapeto onse amene anamvapo, a aphunzitsiwa ndiwo anali osakoma kwambiri. Ine sindinapite kukamvera. Ndinaona kuti Pulofesa safunsa pulofesa mnzake pagulu.

A Namakhwa anadwala miyezi iwiri. Sabata yomaliza ndinkapita kukawaona masana, ndipo tsiku lina ndinawapeza akulankhula maso ali kudenga, Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe cha makolo awo. Anakweza dzanja, lowonda ngati bango, n'kuloza khoma.

"Ndi iyo, ya mpapaya pakhomoyo. Ali momwemo, sanapite kumunda lero."

Agnesi anandiyang'ana. Ine ndinamutonthoza kuti asadandaule, bambo akungomasulira filimu yawo ija. Sindinaganize n'komwe kuti m'filimu monsemo mulibe mpapaya.

Tsono Lolemba lake, nditalandira deki ija, ndinailumikiza kubatire ya sola, ndinatseka zenera ndi chitenje cha mayi a kunyumba, n'kukhala pakampando kanga. Ndinkangofuna kumva ngati ndilinso ndi a Namakhwa. Popanda mawu awo filimuyo inali ngati nyumba yosamukamo. Inayenda mpaka pamsewu paja. Wofufuza anakweza dzanja, analoza chitseko, ndipo ine ndinayamba kudzuka kuti ndikazimitse.

Sinaduke.

Ndinabwerera pakampando ngati wina wandikankha. Bambo wofatsa uja anawoloka msewu, anagogoda. Wosoka nsapato anatuluka, anamva uthenga, anagwira mutu. Anapsompsona khanda, anauza mkazi wake kuti abwera posachedwa, n'kukwera galimoto mmene munali kale amuna ena awiri. Podutsa, wosoka nsapatoyo anagwira wofufuzayo dzanja, kumuthokoza. Chingerezi changa n'cha m'mabuku, cholankhula chimandithawa, koma apa panalibe chofuna womasulira. Kunalibe mayi wodwala. Bambo uja sanali mbale wake. Masiku angapo pambuyo pake wofufuzayo akuonetsedwa mtembo wa wosoka nsapato uja pamphepete pa mtsinje. Amapita kupolisi, amamuseka. Kenaka amabwerera pamsewu paja, tsiku ndi tsiku, kuima kutsidya, kuyang'ana mkazi uja atakhala pakhomo ndi khanda. Amafuna kuwoloka, sawoloka. Filimu imathera pomwepo, wolakwa osagwidwa, ndipo wofufuzayo sayetsemulanso.

Ndinakhala ndikuyang'ana sikirini mpaka tepi inadzibweza yokha. Kenaka maso anagwera pa kachingwe ka khonje kaja. Ndinakakoka pang'ono, waya unasolomoka, sikirini inaonetsa mpunga. Utali wa kachingweko unali wokwanira kuchoka kumbuyo kwa deki, kudutsa pansi pa tebulo, kufika pa chala cha phazi cha munthu wokhala pambali. Zaka zoposa makumi awiri, pamaso pa chipinda chodzaza, munthu uja ankadula yekha filimu ndi chala cha kuphazi.

Ndikanakonda ndikanalekera pamenepo, n'kumaseka za ukathyali wa madala. Koma ndinanyamuka kukachotsa chitenje pazenera, ndipo kutsidya kwa njira ndinaona khomo la amake Rozina. Mpapaya umene uli pamenepo lero si womwe uja, ndi mdzukulu wake, koma pakhomopo sipanasowepo mpapaya chibadwire changa.

Nkhani ya a Luwizi aliyense wa msinkhu wanga amaidziwa mbali imodzi. Anabwera kuchokera kutsidya, ku Mozambique, nkhondo itavuta, anapeza abale a makolo awo kuno, anakwatira, n'kumalima mpunga osavutana ndi munthu. Za kumene anachokera sankazikamba. Tsiku lina masana, mudzi wonse uli kuminda, kunabwera amuna awiri ndi uthenga wakuti mayi awo amwalira kumalire. A Luwizi anali panyumba chifukwa cha malungo. Anavala malaya, anasiya uthenga kwa mwana wa mnansi kuti abwera pakatha masiku atatu, n'kupita nawo. Rozina anali wa kubere, mchimwene wake Joji ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Abale atatsatira anapeza kuti kunalibe maliro alionse. Amunawo palibe anawadziwa. Funso limene linatsala pamudzi linali lakuti alendo awiri anaidziwa bwanji nyumba ya munthu, popanda woti n'kumufunsa. Anthu anakayikirana, mabanja ena anadana, kenaka nkhaniyo inakalamba.

Zonse zinabwera nthawi imodzi: mesenjala wodziwa khomo lililonse, amene masana otere akanapezeka panjira ndi njinga yake, mwambo wathu woperekeza wa uthenga wa maliro osamufunsa, mnyamata wa ku Phalombe akulira pabenchi, "nane ndine mlendo", dzanja lija likuloza khoma. Munthu amene ndinakhala naye pafupi zaka zonsezi, amene pamanda ndinamutcha nyali ya chigwa chathu, anamanga nyumba yake ya vidiyo moyang'anizana ndi beseni la mkazi wamasiye uja, n'kumaonetsa mlandu wake womwe mwezi ndi mwezi, ife tikuomba m'manja ndi kukangana za kalata za m'chidendene.

Masabata atatu ndinkatulukira kuseri, kudzera m'chimanga cha eni, kuti ndisakumane ndi amake Rozina. Mayi a kunyumba anafika pondifunsa ngati ndawalakwira mayiwo. Ndikati ndikawauze, ndinkaona nkhope ya Agnesi, ndi ya Joji amene ali mnyamata ankathyola chitseko ndi chibakera. Ndikati ndikhale chete, ndinkaona mayi amene wakhala zaka zonsezi osadziwa, akupatsa moni munthu wodziwa. Ndinafufuza m'mabuku anga onse. Palibe limene linanenapo za munthu wa mtundu wanga.

Loweruka lachinayi ndinapita pamsika, ulendo uno ndikudziwa chimene ndikuchita, wopanda kampando. Chitseko cha vidiyo chinali chongotsekedwa ndi waya. Mabenchi anapita kutchalitchi. Mabulangete anachotsedwa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona chipindacho dzuwa likulowamo: n'chaching'ono kuposa mmene ndinkachionera, makoma ake ali ndi mzere wakuda pamene pankatsamira mitu ya anthu. Pamene pankakhala sikirini patsala chibanthu choyera pakhoma. Kandodo ka nsungwi kanali pakona, mavu atayamba kale kumanga pamwamba pake. Pansi, pamene pankakhala mpando wawo, dothi linakumbika kadzenje kosalala, kukula kwake ngati chidendene.

"Mwasiya kudzera m'chimanga, a Pulofesa?"

Anali amake Rozina, ataima pakhomo, beseni lili m'chiuno. Ndinatsegula pakamwa, mawu onse amene ndinakonza masabata atatu anabalalika.

"Amayi, tepi ija..."

"Siyoduka. Ndikudziwa."

Anatula beseni, n'kuyang'ana kadzenje kaja nthawi yaitali.

"Chaka chimene inabwera a Namakhwa anandiitana muno m'mawa, ine ndi malemu achemwali anga. Anayamba kutimasulira, ife tikudabwa kuti akutionetseranji azungu. Itafika pa chala choloza chitseko paja anaimitsa, anagwada pamene mwaimapo, n'kunena zonse. Anati anakumana ndi amuna awiri aja pamlatho, anamva kuti ndi a maliro, anatsika njinga n'kuwaperekeza. Anafika ngakhale pomunyamulira chikwama mmodzi wa iwo."

"Ndiye inu munatani?"

"Ndinawamenya ndi beseni. Si ili, lina. Ankafuna kukaulula kumpingo, ine ndinakana. Joji akanawapha, ine n'kutayanso wachiwiri kundende. Komanso analakwa chiyani chimene inu simukanachita? Mukanawafunsa mafunso anthu a maliro, inuyo?"

Tonse tinkadziwa yankho.

"Kenaka anati atsirize filimu kuti ndione zotsatira. Ndinati ayi. Pa chala pamenepo ndi pamene iwo analekera kudziwa, ndi pamene inenso ndinalekera. Kumene anathera bambo a Rozina sindikudziwa, ndipo sindingalole kuti mzungu wa chimfine andiuze. Ndinati ngati mukufuna kumaionetsa onetsani, muziiona mwezi uliwonse, ine ndili kumbuyoko. Koma izidukira pamenepo. Iwo ankangokoka chingwe. Woidula ndinali ine."

Ananyamula beseni n'kuliika pamutu. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Ndikudziwa mukufuna kulemba, nkhope yanu ikuoneka. Lembani, Joji ali ndi imvi tsopano, ndipo ndinamuuza zonse pa tsiku la maliro a a Namakhwa. Mwaonera mpaka kumapeto, eti?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Chabwino. Rozina akamadzandiwerengera, akafika pa chala paja adumphe zotsatirazo."